Tinawamanga Tikuyesa Ndi Misala

Amuna anga anadwala Lachiwiri lina m'mawa, mwezi wa Febuluwale, mtedza uli m'maluwa. Nthawi imeneyo n'kuti ndikuphunzitsa giredi 2 pa sukulu ina ya m'boma la Vubwi, kufupi ndi malire, kumene mapiri a ku Mozambiki amaonekera ukaima pabwalo la mpira. Iwo kwawo ndi ku Sinda. Ananditsatira boma litanditumiza kumeneko, anapempha malo, n'kuyamba kulima chimanga, mtedza ndi soya. Anali mkulu wa mpingo, ndipo mabanja ambiri m'mudzimo ankhoswe awo anali iwowa, chifukwa ankadziwa kuyala nkhani osapweteka mbali iliyonse. Anali atangokwanitsa zaka makumi asanu. Ana athu awiri anali atachoka kale pakhomo, wina akugwira ntchito ku Lusaka, wina ali pa sukulu yogonera komweko ku Chipata.

Tsikulo ndinali kumanga duku kuti ndizipita kusukulu pamene iwo analowa kuchokera kukhola.

"Mayi," anatero, "chitseko cha madzi chija sichinalembe. Tatengani mphasa tikamwetse, dzuwa lisanavale."

Ndinaseka. Anali munthu wanthabwala, ndiye ndinkayesa ndi masewera awo a m'mawa.

"Mukuti chiyani, bambo?"

Anayang'ana pakamwa panga ngati ndalankhula Chipwitikizi. Kenaka anayambanso, mofulumira, mawu akungotuluka ngati madzi a pa mjigo. Kamvekedwe kake kanali kawo komwe, kokwera ndi kutsika bwinobwino, koma mawuwo anali osagwirizana. Ena anali achichewa, ena achinsenga cha kwawo, ena sindinawamvepo chibadwire. Nditapitiriza kufunsa, anamenya tebulo ndi chikhatho n'kutuluka.

Sitiroko ndinkaidziwa. Mayi wina wa mumpingo mwathu inawagwira, mkono unafa, mwendo ankaukoka, pakamwa panapotoka. Amuna anga ankayenda bwinobwino, manja onse awiri ankagwira, nkhope inali yowongoka. Choncho sitiroko sinandibwerere m'maganizo ngakhale pang'ono.

Madzulo ake ndinawatengera kuchipatala chathu chaching'ono. Anawapima malungo, sanapezeke. Anapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri, anatipatsa mapilitsi, n'kutilembera kalata yoti tipite ku chipatala chachikulu ku Chipata. Kalatayo ndinaiika pansi pa zovala m'sutikesi. Ndinkauza anthu kuti tikudikira mvula ichepe chifukwa msewu unali utakumbika. Msewu unalidi woipa, koma chifukwa chenicheni chinali china. Ndinkaopa kuti akakawaona akawaika ku wodi ya odwala misala, ndipo mudzi wonse udzadziwa kuti amuna a aphunzitsi apenga.

Mudzi unadziwabe. Lamlungu anavala jekete yawo n'kupita kutchalitchi monga mwa masiku onse, ine ndikuwatsatira pambuyo. Itakwana nthawi ya pemphero lopembedzera anaimirira, pakuti sabata imeneyo inali yawo. Anatseka maso, n'kupemphera kwa nthawi yaitali ndithu, ndi mawu aulemu a munthu amene akulankhula ndi Mulungu. Koma m'pemphero lonselo tinangomvamo "Atate" kawiri. Mpingo wathu sulankhula malilime. Anthu anatsegula maso mmodzimmodzi n'kumayang'anana. Atamaliza, abusa okha ndiwo anati ameni.

Patapita masabata awiri anamanga ng'ombe pangolo kuti akatute mchenga kumtsinje. Anamanga bwino, goli lili m'malo mwake, zingwe zonse zokhwima. Amuna awiri oyandikana nafe anathamanga kukawaletsa poopa kuti agwera kuphompho. Iwo anawafotokozera, anafotokozanso, koma anthuwo anangogwira ng'ombe pamphuno n'kumazitembenuza. Apo amuna anga anakweza chikwapu n'kumenya mmodzi wa iwo pakhosi. Kuyambira tsiku limenelo mawu oti misala anthu anasiya kuwanong'ona. Ana a m'kalasi mwanga ankawatengera kalankhulidwe kawo kuseri kwa chimbudzi, ndipo ndinkawamva.

Mu Malichi kunabwera alamu anga, mlongo wawo wamkulu, kuchokera ku Sinda. Ndi mayi amene analera amuna anga makolo awo atamwalira, ndipo ankawakonda ngati mwana wawo woyamba. Anakhala masiku awiri akuwayang'ana, akuyesa kuwalankhula m'Chinsenga ndi m'Chichewa momwe. Tsiku lachitatu anandiitana kuseri kwa nyumba.

"Mlamu, munthu akadwala chonchi amabwerera kwa abale ake. Inu muli ndi ntchito ya boma, simungamuyang'anire. Komanso kuno n'kumalire, anthu a kuno ife sitikuwadziwa mitima yawo."

Ndinamva zimene ankatanthauza, koma sindinatsutse. Ndinene zoona, ndinapepukidwa. Ndinali nditatopa ndi mawu osatha aja, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndi mkwiyo umene unkabwera ndikalephera kuyankha. Ndinawalongedzera zovala. Anakwera galimoto mosangalala, mwina ankayesa ndi ulendo wokacheza.

Sukulu titatsekera mu Epulo ndinapita kukawaona. Nditatsika minibasi ndinayenda pafupifupi ola limodzi kuchoka pa msewu waukulu. Ndinawaona ndili patali, atakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa alamu anga. Nditayandikira ndinaona chingwe. Chinali chingwe cha ng'ombe, mbali ina chomangidwa ku thunthu la mtengo, mbali ina pa kakolo wa mwendo wawo wamanzere. Chinali chachitali moti ankatha kufika pakhonde.

Atandiona anaimirira nkhope yonse ikuwala. Analankhula zambirimbiri, akuseka, akundigwira mapewa. Kenaka ananyamula chikwama changa n'kuyamba kuyenda kulowera kumsewu, akundikodola kuti tizipita. Anayenda mapazi asanu ndi limodzi, chingwe n'kuwakoka. Anatembenuka, analoza mwendo wawo, anandiyang'ana, n'kudikira.

"Musandione ngati woipa, mlamu," anatero alamu anga, misozi ili m'maso. "Katatu konse wathawira ku msewu wa tala. Amaimitsa maminibasi, koma akamufunsa kumene akupita amanena zosamveka, anyamata a m'basimo n'kumukankhira panja. Ulendo wachiwiri lole inatsala pang'ono kumuponda. Ulendo wachitatu tinamupeza kutali, akuyenda wapansi kulowera ku Katete, mapazi atatupa. Ine ndekha ndingatani? Ndisiye kumunda?"

Kulowera ku Katete ndiko kulowera kwathu. Ndinadziwa zimenezo pomwepo, koma sindinanene.

Ndinakhala sabata imodzi. Ndikakhalapo tinkawamasula, ndipo sankapita kulikonse, ankangonditsatira kudimba ndi kuchitsime. Tsiku lonyamuka ndinawatenthetsera madzi, anasamba, ndinawadzoza mafuta m'miyendo. Alamu anga anabweretsa chingwe, koma amuna anga anakana kuti awagwire. Ine ndiye ndinagwada. Anandipatsa mwendo osavuta, mwina ankayesa ndikufuna kupitiriza kuwadzoza. Ndinakulunga kansalu pa kakolo n'kumanga mfundo. Ndikudzuka ndinauza alamu anga, iwo ali pomwepo, kuti: "Munthu uyu anatha kale, alamu. Latsala ndi thupi."

Ndinayenda osacheuka. Mawu awo anandiperekeza mpaka ndinadutsa minda itatu.

Anakhala pachingwe miyezi inayi. Mu Ogasiti alamu anga anandiimbira foni kuti mwendo watupa, pamene pankadutsa chingwe pachita chilonda chonunkha, ndipo thupi latentha. Ndinawauza kuti apeze galimoto apite nawo ku chipatala chachikulu ku Katete, ine ndikawapeza komweko. Ndinafika mawa lake. Anali ataonda moti lamba ankazungulira chiuno n'kutsalako.

Dokotala amene ankaona chilondacho anali wachinyamata. Anamvetsera amuna anga akulankhula kwa kanthawi, kenaka anasiya mwendo uja n'kundifunsa kuti zinayamba bwanji.

"Zinayamba pang'onopang'ono kapena tsiku limodzi?"

"M'mawa umodzi. Anapita kukhola ali bwino, anabwerako ali chonchi."

Anatenga loko ndi makiyi angapo m'thumba mwake n'kuwapatsa. Amuna anga anayesa makiyi awiri, achitatu anatsegula, n'kubweza zonse ndi manja awiri mwaulemu. Dokotalayo anati chilonda chikayamba kupola tipite ku Chipata akajambule mutu. Tinapita. Pa chithunzicho panali banga lakuda mbali yamanzere, cha pamwamba pa khutu. Anandiuza kuti inali sitiroko.

"Koma akuyenda," ndinatero. "Manja akugwira."

"Sitiroko ina siigwira mwendo, amayi. Imagwira mawu."

Titabwerera ku Katete anatiuza kuti kuli mayi wina amene amabwera kuchokera ku Lusaka sabata yoyamba ya mwezi uliwonse, amene ntchito yake ndi kuthandiza anthu ovutika kulankhula, kumva mawu ndi kumeza. Sindinkadziwa n'komwe kuti ntchito yotere iliko. Tinamupeza m'kachipinda kakang'ono pafupi ndi kumene amawongolera miyendo ya odwala. Anali wamng'ono kwa ine, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Anapatsa amuna anga moni ndi manja awiri, anawakhazika pampando wabwino, ine anandikhazika pambali. Patebulo anaikapo kapu, supuni, chipeso ndi sopo.

"Atate, ndipatseni kapu."

Anamupatsa chipeso. Mayiyo sanasinthe nkhope. Anachita ngati akumwa madzi ndi dzanja lopanda kanthu, ndipo nthawi yomweyo amuna anga anatola kapu n'kumupatsa, akuseka ngati akunena kuti, bwanji osanena kale. Anawapatsa zithunzi kuti aziphatikize ndi zinthu zija, ndipo sanalakwitse ngakhale chimodzi. Anachita nawo zambiri kwa ola lathunthu. Atamaliza anatembenukira kwa ine.

"Amai, atate awa si ofuntha ai. Nzeru zawo zilipo. Chimene chawonongeka ndi malo amene mawu amalowera ndi kutulukira. Inu mukalankhula, iwo amamva ngati chilankhulo cha dziko lina. Iwo akalankhula amayesa kuti akunena zolondola, chifukwa sakudzimva. Kwa iwo, ndinu nonse amene mwasiya kumva."

"Nanga kukwiya kuja? Anamenyapo munthu."

"Inu mutapempha madzi kakhumi, anthu n'kumangokuyang'anani, mwina n'kumaseka, simungakwiye?"

Kenaka ndinafunsa chimene ndinkaopa.

"Zimene timanena pamaso pawo amamva?"

"Zonse ai. Koma nkhope amaiwerenga bwino kwambiri, ndipo mawu ena amalowa. Sitingadziwe kuti ndi ati."

Anaonjeza kuti miyezi yoyambirira ndi imene ubongo umachira msanga, ndipo miyezi imeneyo inali itadutsa. Sananene modzudzula, anangonena kuti ndisayembekezere zambiri. Ndinatuluka n'kukakhala pafupi ndi mpopi umene odwazika matenda amachapirapo, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka mayi wina anandipempha kuti ndisunthe atunge madzi.

Nditawafotokozera alamu anga, anakhala pansi pa simenti ya pakhonde la wodi n'kufunditsa nkhope ndi chitenje. Anafuna kulowa kuti akawaone, koma amuna anga atangowaona pakhomo anatembenukira kukhoma. Atatuluka m'chipatala ndinapita nawo kwathu ku Vubwi.

Ine ndine mphunzitsi, ndiye ndinaganiza kuti ntchitoyi ndikuidziwa. Ndinabweretsa makadi a m'kalasi mwanga, a e i o u, ba be bi bo bu, n'kumawaonetsa ndikukweza mawu monga ndimachitira ndi ana. Tsiku loyamba anapirira. Tsiku lachiwiri anasonkhanitsa makadi onse bwinobwino, anapita nawo kukhitchini n'kuwaponya pamoto. Nditamuuza mayi uja mwezi wotsatira, anati: "Si mwana wa giredi 2, amai. Ndi bambo wa nyumba. Ndipo si ogontha, musamakuwe."

Anandiphunzitsa ine poyamba. Ndiziwayang'ana kumaso ndisanalankhule. Ndizizimitsa wailesi. Munthu mmodzi azilankhula pa nthawi imodzi. Mawu akhale ochepa, ndizionetsa chinthucho kapena kuchijambula, kenaka ndizidikira. Kudikirako ndiko kunkandivuta. Anandiuzanso kuti ndisamanamizire kuti ndamva pamene sindinamve, ndipo akandifunsa ngati anena bwino ndiziwauza zoona. Mawu akayamba kusefukira, ndizikweza chikhatho kuti aime, apume, ayesenso ndi liwu limodzi.

Tinapanga buku la zithunzi. Ndinajambula ndi foni ng'ombe zathu iliyonse payokha, khasu, ngolo, njinga, tchalitchi, mjigo, chimbudzi, botolo la mapilitsi, nkhope za ana athu ndi za abale, ndinakazitsukitsa ku Katete n'kuzimata m'kope lalikulu, pansi pa chilichonse ndikulemba liwu limodzi. Masana aliwonse ndikaweruka tinkakhala pakhonde. Ndikati "khasu," iwo aloze. Masabata oyambirira ankaloza mwachisawawa. Ndinkafuna kulira, nthawi zina ndinkafuna kuwamenya ndi kope lomwelo. Koma m'mwezi wachitatu, ndikati "ng'ombe" chala chinkapita pa ng'ombe, ndipo "inde" wawo anayamba kukhala inde weniweni. Ulendo wa ku Katete unali wotopetsa, kudzera ku Chipata, tsiku lathunthu panjira, koma sanaukanepo. Ankavala jekete yawo ya kutchalitchi, kope lili m'khwapa.

Mu Disembala mayi uja anandiuza kuti yakwana nthawi yoti adzimve okha.

"Popanda zimenezi sangakonze mawu awo," anatero. "Koma ndikuchenjezeni. Zimapweteka."

Anawaonetsa chithunzi cha ngolo n'kuwapempha kuti afotokoze, uku akujambula mawu ndi foni. Analankhula mosangalala, chifukwa ngolo imeneyo anaikhoma okha. Kenaka mayiyo anaika foni patebulo n'kuitsegula. Munamveka mawu awo: "Iyi ndi nkhokwe ya mapazi, timaifolera ku... kumalemba, ndiye zikakhuta timazisoka pamutu."

Poyamba anaseka, ngati akumvera munthu woledzera. Kenaka kuseka kunatha. Analoza foni, analoza pachifuwa pawo, akuyang'ana mayiyo. Iye anagwedeza mutu kuvomera. Analoza foni kuti aitsegulenso. Anamvera katatu. Kachitatuko anagwira pakamwa pawo ndi dzanja, ndipo dzanjalo silinachoke mpaka tinakwera minibasi.

Munthu amene ankalankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo anakhala chete masabata asanu ndi limodzi. Chakudya ankangolawa. Anasiya kupita kutchalitchi, ndipo mpaka lero sanabwerereko. Anthu akabwera kudzawaona ankazemba n'kukakhala kukhola. Chaka chimenecho munda wa mtedza unadyedwa ndi udzu. Ndinkabisa mankhwala ophera mbozi ku ofesi ya kusukulu, chifukwa maso awo ankandiopsa. Ndinamuimbira mayi uja ndikulira, ndikumuuza kuti wawaononga, bola muja ankalankhula zopanda pake koma akuseka. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti tibwere nawo, adzawaonetsenso kwa dokotala. Anawapatsa mapilitsi ena othandiza mtima wosweka, ndipo pang'onopang'ono anayamba kudya.

Atayambanso kulankhula anali munthu wina. Liwu lililonse ankaliyesa kaye, ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala yoterera. Akatulutsa lolakwika ankalimva, ankaima, n'kuyesanso. Nthawi zina ankalipeza kachitatu, nthawi zina ankangotsegula kope n'kuloza. "Madzi." "Mutu... ukupweteka." "Mvula mawa." Mayi uja ankati ndi kupita patsogolo kwakukulu, ndipo ndikudziwa kuti ankanena zoona.

Tsiku lina mu Meyi tikuswa mtedza wochepa umene tinapulumutsa, anapukuta manja n'kutenga kope lija. Anatsegula masamba onse mpaka kumapeto, osapeza chimene ankafuna. Anatenga pensulo. Pa tsamba lopanda kanthu anajambula mtengo, pambali pake kamunthu, kenaka mzere wochoka pa mtengo kufika pa mwendo wa kamunthuko. Anatembenuza kope kuti ndione bwino.

"Inu," anatero. Liwulo linatuluka loyera. Anapuma, milomo ikufunafuna. "Inu... munamanga."

"Inde, bambo. Ndinamanga."

"Ine... kunyumba. Ndinkafuna... kunyumba."

Ndinagwada pa makoko a mtedza n'kuyamba kufotokoza. Ndinanena za lole, za ntchito, za kusadziwa kwanga, ndinapempha kuti andikhululukire, mawu akungothamangitsana. Iwo anakweza chikhatho, monga ndinkachitira kwa iwo. Ndinaima. Anatseka kope, analiika pampando, n'kupitiriza kuswa mtedza. Za mawu amene ndinanena tsiku lomanga chingwe lija sanatchulepo, ndipo sindidziwa ngati analowa. Sindinayesepo kufunsa. Tsamba lija sanaling'ambe, likadali m'kope, pakati pa chithunzi cha njinga ndi cha mjigo.

Mayi uja anatithandiza chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Kenaka anatiuza kuti ntchito imene inkamubweretsa kuno yatha, abwerera ku Lusaka. Anandisiyira mapepala a zoti tizichita. Amuna anga anamugwira dzanja nthawi yaitali, anafuna kunena zikomo koma munatuluka liwu lina, ndipo anangogwedeza mutu. Sindinamve kuti kunabweranso wina m'malo mwake. Tinapitiriza tokha pakhonde, koma kuyambira pamenepo sanasinthe kwambiri. Amalima, amasamala ng'ombe, amamva ndikalankhula pang'onopang'ono. Pagulu la anthu amatayika. Pa foni samva kanthu, chifukwa saona nkhope, ndiye ana akaimba amangogwira foniyo kukhutu n'kumati "inde, inde," mpaka ndiitenge.

Alamu anga ankaimba kawirikawiri kufunsa za iwo, koma ku Sinda amuna anga anakana kupondako kwa zaka zitatu. Ndikawaonetsa chithunzi cha mlongo wawo ankatsegula tsamba lina. Chaka chatha m'nyengo yozizira tinalandira uthenga woti alamu anga amwalira atadwala miyezi itatu. Ndinawakhazika pansi, ndinawaonetsa chithunzi, n'kunena kawiri: "Amwalira." Anayang'ana chithunzicho kwa nthawi yaitali. Kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka atavala jekete.

Mwa abale onse a bere limenelo anatsala ndi iwo okha, ndiye mwini mbumba anali iwo, ndipo pamanda mwini mbumba amalankhula. Titafika ku Sinda, adzukulu awo, ana a malemuwo, anabwera kwa ine n'kunena kuti apeza munthu wina woti alankhule m'malo mwa amalume. Ndinawafotokozera amuna anga. Anamenya pachifuwa pawo.

"Ine."

Tinali ndi tsiku limodzi ndi m'mawa umodzi. Ndinalemba ziganizo zinayi m'zilembo zazikulu: Zikomo nonse mwabwera. Mlongo wanga anandilera. Wadwala miyezi itatu. Pitani bwino. Tinakhala kuseri kwa nkhokwe ya anthu oyandikana nawo, kutali ndi nyimbo za maliro, n'kumabwereza. Pofika m'mawa wa tsiku loika ankatha kunena zonse zinayi, nthawi zina osalakwitsa.

Kumanda kunali anthu ambiri ndi mphepo. Abusa atamaliza anaitana mwini mbumba. Amuna anga anaimirira pamutu pa manda, pepala lili m'manja.

"Zikomo nonse... mwabwera," anatero. Anthu anatchera khutu, chifukwa ambiri ankayesabe kuti ndi amisala. "Mlongo wanga... anandi... anandilemba. Ai. Anandi... folera. Ai."

Anaima. Anandiyang'ana, ine ndili pakati pa amayi, ndipo ndinatchula liwulo ndi milomo yokha, koma ndinali kutali. Anayesanso, ndipo mawu anasefukira ngati kale, ziganizo zitatu kapena zinayi zopanda mutu, iwo akuzimva koma akulephera kuziimitsa. Kumbuyo achinyamata ena anaseka, mayi wina n'kuwakalipira. Amuna anga anatseka pakamwa, anapuma, anayang'ana pepala.

"Pitani bwino," anatero, n'kukhala pansi.

Titabwerera kumudzi, adzukulu ndi akuluakulu ena anakhala bwalo kukambirana za munda ndi za ana amasiye a m'nyumbamo. Anawaikira mpando pakati, koma onse ankalankhula nthawi imodzi, Chinsenga ndi Chichewa, ndipo palibe amene anawayang'ana kumaso. Anakhala pamenepo mpaka nkhani zinatha, chipewa chili pa bondo.

Mawa lake tinakwera minibasi yobwerera. Tinadutsa Katete. Kenaka anandigwira mkono kuti ndiwayang'ane.

"Dzulo," anatero. "Ndinalankhula... bwino?"

Ndinafuna kunena kuti inde. M'basimo munali phokoso, ndipo ndikanatha kunamizira kuti sindinamve. Ndinawayandikira kuti aone pakamwa panga.

"Poyamba, bwino. Pomaliza, bwino. Pakati, ai."

Anaganiza kanthawi, n'kugwedeza mutu.

"Pakati ai," anatero, n'kutembenukira kuwindo.

Tinafika ku Chipata masana, ndipo galimoto ya ku Vubwi inali isanadzaze, ndiye tinakhala pa benchi n'kumadikira.